Chilembo chimodzi chimene chinandibweza kudikishonale

Madzulo ena m'chaka cha 2016, pamene ndinkaphunzitsa pasukulu ina ya sekondale m'boma la Dedza, bambo ena achikulire amene ankakhala pafupi ndi nyumba za aphunzitsi anandigonjetsa pamasewera a Scrabble ndi chilembo chimodzi chokha. Bambowa anagwira ntchito ya ukalaliki kunjanji ku Bulawayo kwa zaka zambiri asanabwerere kumudzi, ndipo sukulu sanapite nayo patali poyerekeza ndi ine amene ndinali ndi digiri komanso ndinkadzitama chamumtima kuti Chingerezi ndinachimwa. Tsiku limenelo masewera ankapita kumapeto ine ndili patsogolo ndi mapointi oposa 40. Iwo anayang'anitsitsa pabolodi, kenako anatola chilembo cha Q n'kuchiika pakabokosi kochulukitsa mtengo wa chilembo katatu, pamalo pamene panali I kumanja kwake ndi I wina kumunsi kwake. Liwu lakuti QI linawerengeka mbali ziwiri, chopingasa ndi chotsika, ndipo popeza Q ndi wa mapointi 10, mbali iliyonse inawapatsa 31, zonse pamodzi 62.

"Bambo, liwu limeneli kulibe m'Chingerezi, ndiponso Q sayenda popanda U," ndinatero ndi mawu a m'kalasi.

"Aphunzitsi, buku lili pomwepo, tsegulani muone nokha," anayankha motero akukoka kale chilembo china m'kathumba.

Bukulo linali dikishonale ya Scrabble ya Collins yokhala ndi matanthauzo afupiafupi, imene mwana wawo anawatumizira kuchokera ku Britain. Ndinalipeza liwulo, ndipo tanthauzo lake linali mphamvu ya moyo imene anthu a ku China amakhulupirira kuti imayenda m'thupi la munthu. Malinga ndi lamulo limene tinkatsatira, wotsutsa liwu loona ankataya mwayi wake wosewera, choncho ndinaluza kawiri pa nthawi imodzi.

Kwa amene sanawaonepo masewerawa, bolodi lake lili ndi timabokosi 225, ndiye kuti 15 chopingasa ndi 15 chotsika, ndipo m'kathumba mumakhala timatabwa 100, timene 98 tili ndi zilembo pamene tiwiri tilibe kanthu ndipo timaimira chilembo chilichonse chimene wosewera wafuna. Wosewera aliyense amakhala ndi zilembo zisanu ndi ziwiri, ndipo akazigwiritsa ntchito zonse pa nthawi imodzi amawonjezeredwa mapointi 50. Anayambitsa masewerawa ndi Alfred Butts, katswiri wojambula mapulani a nyumba wa ku America, m'zaka za m'ma 1930, ndipo dzina lakuti Scrabble linakhazikika mu 1948 kudzera mwa James Brunot. Butts anagawa zilembo potengera kuchuluka kwa mmene zimapezekera m'Chingerezi, n'chifukwa chake muli E okwana 12, A ndi I asanu ndi anayi aliyense, pamene J, K, Q, X ndi Z alimo mmodzimmodzi, koma S anawachepetsa dala kuti akhale anayi okha. Munthu wozolowera bawo savutika kumvetsa mzimu wake, chifukwa ngakhale pabolodi pali mawu, wopambana ndi amene amawerengera zimene zatsala m'kathumba ndi zimene akumutsegulira mnzake.

Manyazi a tsiku limenelo ananditengera kunjira yolakwika. Ndinali nditawerenga za Nigel Richards wa ku New Zealand, amene mu 2015 anapambana mpikisano wa dziko lonse wa Scrabble ya Chifalansa chikhalirecho iye Chifalansa salankhula, ndipo ndinaganiza kuti ngati munthu angathe kutero ndiye kuti matanthauzo ndi katundu wongolemetsa. Ndinakopera mawu onse a zilembo ziwiri, amene nthawi imeneyo anali 124, pamodzi ndi mazana angapo a zilembo zitatu, n'kuwamata kukhoma la kuchipinda, ndipo ndinkawaloweza monga mmene tinkalowezera matebulo a masamu ku pulayimale. Kwa sabata ziwiri zinaoneka ngati zikuyenda. Pambuyo pake mawu aja anayamba kusakanikirana m'mutu mwanga, moti sindinkakumbukiranso ngati liwu loona linali ZO kapena ZU, KY kapena KE, ndipo ndinkaika pabolodi zinthu zofanana ndi mawu zimene bambo aja ankazichotsa mosapupuluma. Tsiku lina ndinawonjezera S pa KY kuti ndipange KYS, iwo anatsutsa ndipo anapambana. Patapita masiku ochepa ndinachitanso chimodzimodzi ndi XU, ndipo XUS naye anabwerera m'manja mwanga.

Apa m'pamene anandifunsa funso limene ndimalikumbukira mpaka lero. "Kodi aphunzitsi, KY ameneyu mukumudziwa kuti ndani?" Nditavomera kuti sindinkadziwa, anandiuza kuti limenelo ndi liwu la anthu a ku Scotland lotanthauza ng'ombe zambiri, ndipo popeza ndi lochulukitsa kale silingalandirenso S, monga mmene ife sitinganenere kuti maanthu. XU ndi kandalama ka ku Vietnam, ndipo dikishonale imasonyeza kuti kakhale kamodzi kapena tambiri dzina lake silisintha. Richards ali ndi mutu wakewake, ndipo mu 2024 anachitanso zomwezo pa Scrabble ya Chisipanishi, koma ife anthu wamba, amene timasewera titaweruka kuntchito mutu uli wotopa, liwu lopanda tanthauzo silikhalitsa mwa ife chifukwa lilibe pogwira.

Ndinachotsa mapepala aja kukhoma n'kugula kope. Liwu lililonse latsopano ndinkalilemba ndi zinthu zitatu: kalembedwe kake, mtundu wake, kaya ndi dzina, mneni kapena mfotokozi, ndiponso chiganizo changachanga chosonyeza tanthauzo lake. Mtundu wa liwu ndi umene umakuuzani zimene mungaphatikizepo, chifukwa dzina kawirikawiri limalandira S, mneni amalandira S, ED ndi ING, pamene mfotokozi wamfupi amalandira ER ndi EST koma osati S. Sindinkapitirira mawu asanu pa tsiku. Chimene chinandidabwitsa n'chakuti timawu tating'onoting'ono timene ndinkatiyesa topanda pake tinali ndi nkhani zake. AA ndi chiphalaphala chouma chokhakhala cha phiri lophulika, liwu lochokera ku Hawaii, ndipo ine wophunzitsa jogalafe ndinachita manyazi kuti ndinali nditaliiwala. AI ndi nyama yaulesi ya zala zitatu ya ku South America, ZO ndi ng'ombe ya ku Tibet yobadwa pokweranitsa ng'ombe wamba ndi nyama yaubweya yotchedwa yak, JO ndi wokondedwa m'kalankhulidwe ka ku Scotland, ZA ndi chidule cha pizza, pamene XI ndi chilembo cha Chigiriki. Nditadziwa kuti ZO ndi nyama imene ingathe kukhala imodzi kapena zambiri, ZOS sanandivutenso. Ndinaphunziranso kuti palibe liwu la zilembo ziwiri lokhala ndi V, chimene chimachititsa kuti V akhale chilembo chotsekera mnzako njira, ndiponso kuti Q ali ndi mawu angapo oyenda opanda U, monga QAT, masamba amene anthu amatafuna ku Yemen ndi ku Somalia, QADI, woweruza wachisilamu, ndi NIQAB, nsalu yophimba kumaso.

Timawu timeneti n'tofunika osati chifukwa cha mapointi ake okha ayi, koma chifukwa ndi timene timalola wosewera kugoneka liwu lake m'mbali mwa liwu lina n'kupanga mawu atatu kapena anayi pa nthawi imodzi. Wellington Jighere wa ku Nigeria, amene mu 2015 ku Perth m'dziko la Australia anakhala munthu woyamba wa mu Africa kupambana mpikisano wa dziko lonse wa Scrabble ya Chingerezi, anachokera m'dziko limene osewera ake amadziwika ndi luso la mawu afupiafupi. Mndandanda wa Collins, umene umagwiritsidwa ntchito m'mayiko ambiri kunja kwa America ndi Canada, umasinthidwa pakapita zaka zingapo, choncho ndi bwino kugwirizana za buku loti likuweruzeni musanayambe kusewera. Bambo aja ankakana liwu lakuti OK kwa zaka zonsezo, ndipo ankakhoza, mpaka mu 2019 pamene linalowetsedwa pamodzi ndi ena awiri n'kufikitsa mawu a zilembo ziwiri pa 127.

Mbali imene inandisangalatsa kwambiri inali kupeza mawu a kwathu kuno m'buku la Angerezi. Mayina a anthu ndi a malo saloledwa m'masewerawa, choncho Malawi kapena Zomba simungawaike pabolodi, koma mayina a ndalama amaloledwa. KWACHA, amene dziko la Zambia linayamba kugwiritsa ntchito mu 1968 ndipo Malawi mu 1971, ndi liwu lovomerezeka la mapointi 18 lisanagwere pakabokosi kochulukitsa kalikonse, ndipo TAMBALA ndi NGWEE nawonso alimo. Mulinso BWANA, MZUNGU, MIOMBO, MBIRA, TSETSE, IMPALA ndi NYALA, nyama ija imene alendo amakaiona ku Lengwe. Mawu oyamba ndi NG, MB, MZ kapena NY amamuzunguza Mngerezi pamene kwa ife ndi chakudya cha tsiku ndi tsiku, ndipo uwu ndi mwayi umene wosewera wolankhula Chichewa ayenera kuugwiritsa ntchito. Komabe apanso tanthauzo lifunika kuliwerenga, chifukwa BOMA wa m'dikishonale si boma lolamula dziko kapena likulu la dera, koma mpanda wotchingira ziweto kapena msasa. Ndinadandaula pang'ono nditapeza kuti SADZA wa ku Zimbabwe ndi UGALI wa ku Kenya ndi Tanzania analimo m'buku lija pamene nsima munalibe, ndipo bambo aja, amene anadya sadza kwa theka la moyo wawo, anangoseka n'kunena kuti nsima imadyedwa ndi anthu osakonda kudzilengeza.

Vuto lalikulu kwa ine, limene ndikukhulupirira kuti ndi la ambiri a ife, linali L ndi R. M'Chichewa zilembo ziwirizi sizisiyanitsa tanthauzo, ndipo lamulo la kalembedwe limene tinaphunzira limati R amabwera pambuyo pa I ndi E, monga mu kulira ndi kulera, pamene L amakhala m'malo ena onse, monga mu kulola ndi kulula. Khutu limene linakula ndi lamulo limeneli silimva msanga kusiyana kwa PLAY ndi PRAY, ndipo dzanja limatsatira khutu. Polemba kalata ndinkakhoza chifukwa ndinkaona chiganizo chonse, koma pabolodi, pamene liwu laima lokhalokha ndipo mnzako akukudikira, ndinkakayika ngakhale pa mawu amene ndinkawaphunzitsa m'kalasi. Tsiku lina ndinaika CRIMB ndikuganiza za kukwera phiri, ndipo ndinazindikira kulakwa kwanga nditaona bambo aja akuvula magalasi awo pang'onopang'ono.

Mankhwala ake ndinawapeza posandutsa vutolo kukhala phunziro. Kumapeto kwa kope lija ndinatsegula tsamba la mawu apawiriapawiri amene amasiyana pa L ndi R pokha, lililonse ndi tanthauzo lake: FLESH ndi mnofu pamene FRESH ndi chinthu chatsopano kapena chachiwisi, BLEED ndi kutuluka magazi pamene BREED ndi kuswana, GLASS ndi galasi pamene GRASS ndi udzu, BLUSH ndi kufiira nkhope ndi manyazi pamene BRUSH ndi burashi, FLAME ndi lawi la moto pamene FRAME ndi felemu, PLANK ndi thabwa pamene PRANK ndi chipongwe chongosewera. Ndinkawatchula mokweza ndikuyang'anira pamene lilime langa likugunda, chifukwa potchula L nsonga ya lilime imakhudza nkhama za kumwamba pamene potchula R wa Chingerezi siikhudza. Tsambalo litadzaza ndinaona kuti ndapindula kawiri, popeza tsopano ndikakhala ndi L m'malo mwa R ndinkadziwa nthawi yomweyo ngati liwu linalo liliko.

Zofanana ndi zimenezi zimachitika ndi malembo a liwu. Chichewa chili ndi asanu okha ndipo chimalembedwa monga mmene chimatchulidwira, pamene Chingerezi chimatchula ambiri kuposa apo ngakhale kuti chimawalemba ndi zilembo zisanu zomwezo. N'chifukwa chake HAT, HUT, HEART ndi HURT amamveka ngati liwu limodzi m'makutu mwathu, chimodzimodzinso SHIP ndi SHEEP. Palinso zilembo zosatchulidwa, monga K mu KNEE, B mu DEBT, P mu PSALM ndi G mu GNU, imene ndi nyumbu. Mawu amene tinabwereka ndi amene amapusitsa kwambiri chifukwa timawayesa odziwika kale: munthu amene wakula akunena bulangeti, sitolo ndi sikono ayenera kuima kaye kuti akumbukire BLANKET, STORE ndi SCONE. Ine ndinapulumukapo mwangozi nditaika CALENDER ndikuganiza za kalendala, imene imalembedwa CALENDAR. Bambo aja sanatsutse, ndipo atandifunsa pambuyo pake tanthauzo lake n'kumva yankho langa, anandionetsa kuti liwu limene ndinaikalo ndi makina osalazira nsalu kapena mapepala.

Mapointi 50 aja ndinayamba kuwapeza nditasiya kufunafuna mawu aatali odabwitsa n'kuyamba kuona mmene mawu wamba amamangidwira. Galamala ya Chichewa inandithandiza pamenepa kuposa mmene ndinkayembekezera. Ife tinazolowera kutenga tsinde limodzi n'kuphatikizapo tizigawo, monga manga, mangira, mangitsa, mangidwa ndi mangana, ndipo timadziwa kuti tseka amasanduka tsekula, mata amasanduka matula. Chingerezi chimachita zofananazo ndi UN, amene amatembenuza LOCK kukhala UNLOCK, ndi RE, amene amagwira ntchito ya nso wathu, pamodzi ndi OUT, OVER ndi MIS kumayambiriro, komanso ING, ED, ER, EST, LY ndi NESS kumapeto. Ndikatola zilembo zanga ndimayamba ndapatula tizigawo totere n'kutiika kumbali, kenako ndimayang'ana zimene zatsala, ndipo zilembo zinayi n'zosavuta kuzisanja kuposa zisanu ndi ziwiri. Si mneni aliyense amene amalandira RE kapena UN, choncho dikishonale siyenera kutalikira. Zilembo zimene zimagwirizana kwambiri ndi A, E, I, N, R, S ndi T, ndipo zisanu ndi ziwiri zimenezi pazokha zimapanga mawu 11 m'mndandanda wa Collins, ena mwa iwo ndi RETAINS, NASTIER, RETINAS, STAINER ndi RETSINA, amene ndi vinyo wa ku Greece. Pa chifukwa chimenechi S kapena kathabwa kopanda chilembo sindikataya pa liwu la mapointi ochepa. Ndimasunganso m'mutu mawu amene amasintha ndi chilembo chimodzi chakumayambiriro, monga RAIN amene amabala BRAIN, DRAIN, GRAIN ndi TRAIN, kapena LAUGHTER, kuseka, amene S mmodzi amamusandutsa SLAUGHTER, kupha.

Bambo omwewo ndi amene anandilowetsa m'masewera a crossword, olemba mayankho a mafunso m'timabokosi chopingasa ndi chotsika, amene iwo anawazolowera m'nyuzipepala za ku Bulawayo. Crossword yoyamba anaisindikiza Arthur Wynne m'nyuzipepala ya New York World pa 21 December 1913, koma mtundu umene bambowa ankaukonda unali wa ku Britain, umene funso lake limabisa yankho mwadala. Apa kuloweza kulibe ntchito ngakhale pang'ono, chifukwa chimene chikuyesedwa ndi kudziwa kuti liwu limodzi lili ndi matanthauzo angati. Ife tili ndi mtengo womera ndi mtengo wa pamsika, kulemera kwa katundu ndi kulemera kwa chuma, koma Chingerezi chili ndi mawu otere ochuluka zedi: BARK ndi khungwa komanso kuuwa kwa galu, BANK ndi kosungira ndalama komanso gombe la mtsinje, SPRING ndi kasupe, nyengo ya chaka, kudumpha komanso chitsulo chonyutuka. Chizolowezi chathu cha kusukulu chowerenga tanthauzo loyamba lokha n'kutseka dikishonale ndi chimene wolemba mafunsowa amadalira kuti atigwetse.

Funso loyamba limene linanditsegula maso linali lakuti "African flower", ndipo yankho lake linkafuna zilembo zinayi zothera ndi E. Ndinalemba ALOE ndi bolopeni, mosakayika konse, ndipo mayankho onse odutsana nalo anakana kulowa. Bambo aja anandiuza kuti nditchulenso liwu lachiwirilo ngati lochokera kwa mneni FLOW, kuyenda kwa madzi, ndipo pomwepo duwa linasanduka chinthu choyenda ngati madzi, ndiye kuti mtsinje, yankho n'kukhala NILE. Ndinakumbukira usiku wa kumudzi pamene wina ankati "Ndagi!" ife n'kuyankha kuti "Gize!", kenako n'kutiuza za nyumba yopanda khomo ife tikuganiza za nyumba zenizeni pamene iye akunena dzira. Kuyambira tsiku limenelo ndinasiya kuwerenga mafunsowa ngati ziganizo ndipo ndinayamba kuwamva ngati ndagi, ndiponso ndinasiya bolopeni n'kugula pensulo.

Funso lotere kawirikawiri limakhala ndi mbali ziwiri, tanthauzo lenileni kumayambiriro kapena kumapeto, ndi chinyengo cha zilembo mbali inayo. Mawu osonyeza chisokonezo, monga "broken" kapena "mixed", amakuuzani kuti musanjenso zilembo, monga mmene LISTEN amasandukira SILENT. Mawu monga "in" kapena "some" angathe kusonyeza kuti yankho labisala m'kati mwa mawu ena, ndipo pophunzitsa ana anga njira imeneyi ndinkagwiritsa ntchito mayina a kwathu, chifukwa mu Malawi mwabisala LAW, mu Lilongwe muli LONG, ndipo Blantyre wanyamula ANT ndi TYRE. Palinso zidule zimene muyenera kungozidziwa: L ndi 50, C ndi 100, D ndi 500 ndipo M ndi 1000 m'manambala a Chiroma, AU ndi golide, FE ndi chitsulo, ndipo "love" amaimira O chifukwa pamasewera a tenisi liwulo limatanthauza kuti sunapeze kanthu. Gulu lina la mawu limene limabwerabwera ndi la afotokozi a nyama ochokera ku Chilatini, monga BOVINE wa ng'ombe, OVINE wa nkhosa, CAPRINE wa mbuzi, PORCINE wa nkhumba, CANINE wa galu, FELINE wa mphaka ndi LEONINE wa mkango, ndipo amenewa ndinawaphunzira madzulo amodzi poyendera khola ndi bwalo la kwathu m'maganizo.

Wordle, sewero la mawu la pa intaneti, amene Josh Wardle anamutulutsa poyera mu October 2021 ndipo nyuzipepala ya New York Times inamugula mu January 2022, anandipeza nditakonzeka kale. Pamafunika kupeza liwu la zilembo zisanu m'maulendo asanu ndi limodzi, ndipo mtundu wobiriwira umasonyeza chilembo chimene chili pamalo pake, wachikasu chimene chilimo koma pamalo polakwika, wotuwa chimene mulibe. Zinthu ziwiri zokha ndi zimene zinandipunthwitsa. Choyamba ndi kalembedwe ka ku America, chifukwa ife tinaphunzira ka ku Britain, ndipo tsiku limene yankho linali FAVOR ndinalephera popeza m'mutu mwanga liwulo ndi FAVOUR wa zilembo zisanu ndi chimodzi. Chachiwiri ndi msampha wa mawu ofanana mathero: mukapeza IGHT mwatsala ndi LIGHT, RIGHT, MIGHT, NIGHT, SIGHT, FIGHT ndi TIGHT, ndipo kuyesa limodzilimodzi kumatha maulendo anu onse. Chanzeru ndi kutaya ulendo umodzi pa liwu ngati FILMS, limene limayesa F, L, M ndi S pa nthawi imodzi.

Monga mphunzitsi ndiyenera kuchenjeza ophunzira pa chinthu chimodzi. Chingerezi cha pabolodi si cha pamayeso, chifukwa mndandanda wa Scrabble umalola mawu akalekale, a m'zigawo zina za ku Britain, ndiponso ochulukitsa ngati ADVICES ndi LUGGAGES amene wochonga mayeso a MSCE adzawadula ndi inki yofiira. Mnyamata wina wa Fomu 4 amene ndinamuphunzitsa masewerawa analemba ZA m'chimangirizo chake, ndipo ndinayenera kumufotokozera kuti liwu likhoza kukhala loona koma losayenera pamalopo. M'kope langa mawu otere ndimawaika kanyenyezi kuti ndizikumbukira kuti kwawo ndi pabolodi pokha.

Ndinasamutsidwa ku Dedza patapita zaka zingapo, koma ndikapita kumeneko pa tchuthi ndimakawaona bambo aja, amene maso awo tsopano achita chidima moti amayandikitsa kathabwa kalikonse kumaso asanakaike pansi. Ulendo wapitawu ndinali woyamba kusewera, ndipo ndinatola A atatu, B, L, M ndi T. Ndinatsala pang'ono kubweza zina m'kathumba, koma nditaziyala bwino ndinaona TAMBALA, zilembo zonse zisanu ndi ziwiri. Ndi chimwemwe ndinaliika mofulumira kuyambira pakabokosi kachitatu ka mzere wapakati, n'kulemba mapointi 74. Ndikanalisunthira kumanzere ndi kabokosi kamodzi, M akanagwera pochulukitsa kawiri, ndikanapeza 78, ndipo kumayambiriro kwake kukanatsala malo amodzi okha.

"Mwaliwerenga mpaka kumapeto liwu limeneli m'buku muja, aphunzitsi?" anandifunsa.

"Ndi ndalama yathu yomwe, bambo, ndingaliwerengerenji?"

Iwo anayandikitsa timatabwa tiwiri kumaso, kenako anaika M pakabokosi kofiira ka m'mphepete kochulukitsa liwu lonse katatu, ndi A pambali pake. Ndinatsegula dikishonale ija, imene chikuto chake chinali chitamatidwa ndi selotepi, ndipo pansi pa TAMBALA panalembedwa njira ziwiri zochulukitsira, ya Chingerezi yowonjezera S ndi yathu yomwe ya MATAMBALA. Analemba mapointi 45 n'kundipempha kuti ndiwagwirire kathumba atolemo zilembo ziwiri.